Pakhomo pa a Toretto Sabweza Mlendo

Mafilimu a Fast & Furious ndawadziwa mochedwa. Yoyamba inatuluka mu 2001, ndipo pofika 2023 anali atakwana 10, osawerengera yapambali ija ya Hobbs & Shaw, koma ine ndinali ndisanaonereko ngakhale imodzi. Anandilowetsamo ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata yemwe akuphunzira umakaniko, amene anabwera nawo onse pamodzi. "Amalume, muyambire poyambirira penipeni," anatero, "ndipo musadumphe ngakhale ija anthu amainyoza." Ndinamvera. Ndikapeza mpata madzulo ndinkaika yotsatira, ndipo mmene ndinkafika pa yachisanu n'kuti ndikutchula anthu a m'menemo mayina awo, akakhala pamavuto ine mtima uli m'mwamba.

Kuonera onse motsatizana kumaonetsa msanga kutalika kwa ulendo umene nkhaniyi yayenda. Imayamba ndi kagulu ka achinyamata a ku Los Angeles oba ma DVD player m'mathiraki a katundu. Patapita zaka 20, awiri mwa anzawo ali kuthambo, kunja kwa dziko lapansi, atakwera galimoto yomangiriridwa roketi. Funso limene ndinkayenda nalo linali ili: kodi nkhani ingatamuke chonchi osaduka? Iyi sinaduke, ndipo chimene chaigwira n'chakuti eni ake saiwala munthu. Amene anaonekapo kamodzi amabweranso. Ngongole imakumbukiridwa, cholakwa chimalondola mwini wake, ndipo amene palibe amamusungira mpando.

Filimu yoyamba, The Fast and the Furious, ndi yaing'ono ukaiyerekeza ndi zimene zinadza pambuyo pake. Gwero lake linali nkhani ya m'magazini ya Vibe ya mu 1998, yofotokoza za achinyamata opikisana magalimoto usiku m'misewu ya ku New York. Rob Cohen anaitengera ku Los Angeles n'kuijambula ndi madola pafupifupi 38 miliyoni, ndipo inabweza oposa 200 miliyoni. Paul Walker ndiye Brian O'Conner, wapolisi wotumidwa kukadziphatika kwa opikisanawo kuti apeze mbava zija. Vin Diesel ndiye Dominic Toretto, wongodziwika kuti Dom, katakwe wa mipikisanoyo, yemwe ali ndi kagolosale, galaja, mchemwali wake Mia ndi wachikondi wake Letty. Mpikisano wawo ndi wa mamita pafupifupi 400 okha, ndipo galimoto yoti anthu aipatse ulemu imayenera kumaliza m'masekondi 10. M'galimotomo amaikamo botolo la mpweya wa nitrous oxide, umene umapatsa injini okosijeni wowonjezera kuti iwotche mafuta ambiri kamodzin'kamodzi. Luso lagona podziwa nthawi yodina batani lake. Brian amapupuluma, amadina kawiri, Mitsubishi Eclipse yake yobiriwira imafuka utsi, amaluza, koma amatsika mano onse ali pamtunda poti anatsala pang'ono kumupeza Dom. Kumwetulira kumeneko ndi kumene kunayamba kundikoka.

Pamene ndinakodwa kwenikweni ndi m'galaja. Dom amatsegula chitseko n'kumuonetsa Brian Dodge Charger yakuda ya mu 1970 imene anaimanga limodzi ndi bambo ake, n'kuulula kuti sanaiyendetsepo chifukwa amaiopa. Bambo akewo anapsera m'galimoto pampikisano iye akuona ndi maso. Atakumana ndi dalaivala amene anawagunda, anamumenya ndi sipanala mpaka kumulumaza, ndipo anakhala zaka ziwiri kundende n'kuletsedwa kupikisana m'mabwalo ovomerezeka moyo wake wonse. Vin Diesel amasimba zimenezi ndi mawu otsika, ndipo umaona kuti munthu amene onse amamuopayu amadziopa yekha. Chakumapeto, Vince, mnzake wa Dom wapaubwana, amavulala koopsa polanda thiraki. Brian poona kuti munthuyo afa akapanda kuitanitsa ndege ya chipatala, amatulutsa foni n'kudzitchula kuti ndi wapolisi, Dom ali pomwepo. Kamera imangokhala pankhope ya Dom, iye kukamwa kuli gwa. Pambuyo pake, Charger ija itagubuduzika ndipo kulira kwa magalimoto apolisi kukuyandikira, Brian amapereka makiyi a Toyota Supra yake kuti Dom athawe. Wataya ntchito kuti asunge munthu. Zonse zotsatira zinaphukira pamenepa.

Zaka zotsatira zinali zodzandira. Vin Diesel sanabwerere mu 2 Fast 2 Furious ya 2003, imene John Singleton anaijambula ku Miami. Ndi filimu yopepuka, ya magalimoto owala ndi nthabwala zambiri, koma inabweretsa anthu awiri amene akhalapo mpaka lero: Roman Pearce wa Tyrese Gibson, wolongolola ndi wosamva kukhuta, ndi Tej wa Ludacris, waluso pa zipangizo. Kenaka mu 2006 kunadza Tokyo Drift, momwe mulibe Brian, ndipo Dom amangosuzumira pomalizira penipeni. Ndiyo inapeza ndalama zochepa kuposa onse, madola pafupifupi 158 miliyoni, koma kwa ine ili m'gulu la abwino kwambiri.

Ku Tokyo kuthamanga mowongoka kulibe ntchito. Kumeneko amapikisana m'nyumba zosanjikizana zoimikamo magalimoto ndi m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, ndipo luso lawo ndi drift: dalaivala amatereretsa dala matayala akumbuyo, galimoto n'kumakhota ikuyenda chammbali, chiwongolero atachipotozera kwina, utsi wa matayala uli tolotolo, bampala ikungotsala pang'ono kukhula khoma. Keiichi Tsuchiya, katswiri weniweni wa luso limeneli ku Japan, amaonekamo ali msodzi amene akuonerera mlendo akuphunzira. Kwa ife amene misewu yathu yadzaza Toyota, Nissan ndi Mazda zochokera ku Japan, zimakoma kuona mayina omwewa akulemekezedwa kwawo. Koma mchere wa filimuyi ndi Han, yemwe ndi Sung Kang, munthu wofatsa, wosakweza mawu, wosasiyana ndi kapaketi ka zotafuna. Amabwereka Nissan Silvia yake kwa Sean, mnyamata wa ku America yemwe sakumudziwa n'komwe, ndipo Sean amaiphwanya yonse. Han sakwiya. Amadzafotokoza kuti ndalama ali nazo, chimene akusowa ndi anthu oti awakhulupirire, ndipo kutaya galimoto imodzi kuti adziwe khalidwe la munthu akuona kuti n'kutchipa. Filimu isanathe, Han amafera m'galimoto yoyaka moto. Zinandipweteka.

Justin Lin, amene anatsogolera kujambula filimuyi, ndi Chris Morgan, mlembi wake, sanamutaye Han. Anabweza nthawi m'mbuyo: mafilimu a nambala 4, 5 ndi 6 onse amachitika Han asanapite ku Tokyo. Motero woonera amakhala naye mafilimu atatu akudziwa kumene akulowera, ndipo akangotchula za Tokyo mtima umangoti myuu. Ya nambala 4, ya 2009, imene inabwezeretsa Dom, Brian, Mia ndi Letty, ndi yamdima, ndipo mipikisano ya m'ngalande za pansi pa malire a Mexico imaonekeratu kuti ndi yapakompyuta. Ntchito yake inali kuyanjanitsa amuna awiri aja, ndipo inaigwira.

Fast Five ya 2011 ndiyo mfumu ya onse. Dom, Brian ndi Mia ali ku Rio de Janeiro, othawa kwawo, m'thumba muli gwa, ndipo amaganiza zolanda madola 100 miliyoni a Hernan Reyes, chigawenga chimene chinagula apolisi a mumzindawo. Mutu umodzi susenza denga, choncho amaitana Roman ndi Tej, Han, Gisele wa Gal Gadot, komanso Leo ndi Santos. Anthu amene ankaoneka ngati zotsalira za mafilimu osagwirizana amapezeka pansi pa denga limodzi, akukonza magalimoto, akuwotcha nyama, akuseleulana. Kwa Toretto kuli ngati pakhomo pa mayi wochereza: mlendo akatulukira, amangowonjezera ufa mumphika. Ngakhale Luke Hobbs wa Dwayne Johnson, wapolisi wa ku America amene wabwera kudzawanjata, pomaliza amaima nawo mbali imodzi.

M'kati mwa phokoso lonselo muli zinthu ziwiri zimene sindiziiwala. Brian atamva kuti Mia, wachikondi wake, ndi woyembekezera, amaima pakhonde usiku n'kumufunsa Dom za bambo ake, poti iyeyo bambo ake sawakumbukira n'komwe. Dom amasimba za munthu amene ankawotcha nyama Lamulungu lililonse potuluka kutchalitchi n'kudyetsa aliyense wa m'deralo, bola akhale kuti anakapemphera. Madzulo ankathandiza Mia homuweki, mwanayo akagona iwo n'kutsala akuwerenga mutu wotsatira kuti mawa lake adzamuthandizenso. Chachiwiri ndi ndewu ya Dom ndi Hobbs. Dom amamugwetsa pansi n'kukweza sipanala m'mwamba, ndipo amene anaonera yoyamba ija amadziwa zimene dzanja limeneli linachitapo. Sipanalayo imatsika n'kumenya simenti pafupi ndi mutu wa Hobbs. Panadutsa zaka 10 kuchokera pa nkhani ya m'galaja, ndipo opanga filimu sanafotokozenso kanthu. Anakhulupirira kuti woonera akumbukira yekha.

Ndiye pali sefa. Ndalama za Reyes zili m'chisefa chachitsulo choti anthu angapo n'kuimamo, m'kati mwenimweni mwa polisi. Dom ndi Brian amachimangirira zingwe zachitsulo kumbuyo kwa ma Dodge Charger awiri, amachizula pakhoma, n'kuyamba kuchiguza m'misewu masanasana. Iwo akakhota, icho chimapita chammbali n'kusesa mitengo, magalimoto apolisi, mpaka kuboola banki. Chimene chimagwira mtima n'kulemera kwake. Mbali yaikulu ya gawo limeneli anaijambula ku Puerto Rico ndi chitsulo chenicheni, magalimoto enieni akuphwanyika, ndipo imodzi mwa masefa awo inali ndi galimoto m'kati, munthu akuiyendetsa. Diso silinamizika pa zotere. Filimuyi inapeza madola oposa 600 miliyoni n'kusintha mtundu wa nkhani yonse, kuchoka pa mipikisano kupita pa zolanda zikuluzikulu. Koma taonani mmene imathera: pogawana ndalamazo, gawo la Vince, yemwe anafa ntchito isanathe, Dom amakalisiya kwa mkazi wake ndi mwana wake.

Ya nambala 6, ya 2013, imapita ku London ndi ku Spain, ndipo apa ndi pomwe zochitika zimayamba kupyola zimene thupi ndi chitsulo zingathe. Kasinja wankhondo amapondereza magalimoto pamsewu waukulu. Dom amadumpha kuchokera mbali ina ya mlatho kukawakha Letty m'malere. Ndege ya katundu imathamanga pabwalo nthawi yaitali moti oonera ena atawerengetsa anapeza kuti bwalolo liyenera kupitirira makilomita 20. Zonsezi ndinazilandira, chifukwa chimene akumenyera n'chomveka: Letty, yemwe ankati anafa, ali moyo koma anaiwala zonse, ndipo Dom akufuna abwerere kwawo. Mtengo wake ulipo, pakuti Gisele amafa populumutsa Han, n'chifukwa chake Han amapita ku Tokyo yekha. Ndipo Hobbs, amene anawapempha thandizo pa ntchitoyi, atafunsa Dom malipiro amene akufuna, iye amangotchula 1327, nambala ya nyumba yawo ku Los Angeles.

Chakudza sichiimba ng'oma. Pa 30 Novembala 2013, ntchito yojambula Furious 7 ili m'kati, Paul Walker anafa pangozi ya galimoto ku Santa Clarita, ku California, ali ndi zaka 40. Ankachokera ku mwambo wa bungwe lake lachifundo la Reach Out Worldwide, wosonkhetsa thandizo la anthu amene anavutika ndi namondwe wa Haiyan ku Philippines. Mnzake amene ankayendetsa, Roger Rodas, anafanso. Ntchito inaima. Itayambiranso, azing'ono ake awiri, Caleb ndi Cody, anaima m'malo mwake, akatswiri a makompyuta a Weta Digital n'kuikapo nkhope ya mkulu wawo. Filimuyi, imene anatsogolera James Wan ndipo inatuluka mu 2015, ili ndi zodabwitsa zake. Magalimoto enieni anaponyedwa kuchokera m'ndege ndi maparachuti ku Arizona, ndipo m'nkhanimo Lykan HyperSport yofiira imauluka kuchoka m'nyumba yosanja kulowa m'inzake ku Abu Dhabi. Koma amene akudziwa zimene zinachitika, maso amangokhala pa Brian, kudikira ndi mantha pomwe amuphere.

Sanamuphe. Amamuonetsa m'mbali mwa nyanja akusewera ndi Mia ndi mwana wawo, anzake akumuyang'ana chapatali n'kuvomerezana kuti malo ake tsopano ndi amenewo. Dom amanyamuka osatsanzika. Ataima pamphambano, Supra yoyera imatulukira pambali pake, Brian akumwetulira muja anamwetulira mu 2001. Amayenda limodzi, nyimbo ya See You Again ya Wiz Khalifa ndi Charlie Puth ikumveka, mpaka pamene msewu ukugawika pawiri. Ndinalira, ngakhale munthuyo ndinali nditangomudziwa kumene ndipo maliro ake anachitika kalekale. Anthu ankatsanzikana ndi mnzawo weniweni kamera ikujambula, ndipo zimenezo sizibisika. Filimuyi inapeza madola oposa 1.5 biliyoni, ndipo ku China inapeza zambiri kuposa ku America komwe.

Kuwakonda kwanga sikunanditseke m'maso. Kuyambira pa The Fate of the Furious ya 2017, kulemera kuja kumayamba kuchepa. Charlize Theron, mwana wa ku South Africa, ndi mdani woopsa ndithu, ndipo mpikisano wotsegulira ku Havana, Dom akumaliza chobwerera m'mbuyo ndi chiphapha choyaka moto, ndi wokoma zedi. Koma tsopano gulu lija likulimbana ndi sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja, pamadzi oundana a ku Russia, ndipo palibe amene akuoneka kuti angavulale. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti Deckard Shaw wa Jason Statham, yemwe tinaonetsedwa kuti ndiye anagunda galimoto ya Han, amalandiridwa popanda womufunsa mlanduwo. Okonda mafilimuwa anadandaula poyera kuti Han achitiridwe chilungamo, ndipo ankanena zoona: kukhululukira munthu amene sanavomere cholakwa kumapeputsa wofayo. Mu F9 ya 2021 Justin Lin anayankha pomubweretsanso Han wamoyo, akuti imfa ija inali yonamizira. Ndinakondwa kumuonanso, komabe ndinaona kuti chinachake chatayika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Imfa ikaleka kukhala imfa, liwiro silichititsanso mantha, ndipo ulendo wa Roman ndi Tej wopita kuthambo ndi Pontiac Fiero umangoseketsa osanjenjemeretsa.

Ngakhale pamenepo mtima wa nkhani umagundabe. Mbali yabwino ya F9 ndi imene imabwerera ku 1989, pabwalo pomwe bambo Toretto anafera, n'kutidziwitsa Jakob wa John Cena, mng'ono wake wa Dom, yemwe anathamangitsidwa pakhomo pomuganizira kuti ndiye anaphetsa bambo awo. Chibale n'fupa, sichiola, ndipo abale awiriwa amapezana. Brian naye sanamuchotse m'nkhani. Mwana wa Dom anamutcha dzina lake, ndipo pomalizira pa F9, anthu atakhala pansi kuti adye, pamatsala mpando umodzi, kenaka Nissan Skyline yabuluu imalowa pabwalo.

Fast X ya 2023, imene Louis Leterrier anaitenga Lin atasiya ntchito itangoyamba, inandibwezera chikhulupiriro. Imabwerera ku sefa ya ku Rio n'kutionetsa tsikulo kuchokera mbali ya olandidwa. Reyes anali ndi mwana, Dante, ndipo analipo pamlatho pomwe bambo ake anafera. Chimene oonera ankaombera m'manja mu 2011 chinasiya wina pamaliro, ndipo patapita zaka wabwera kudzatenga ngongole. Jason Momoa amamusewera moseka, movina, moopsa. Sakufuna ndalama kapena ulamuliro. Akufuna Dom amve ululu wotaya anthu ake mmodzimmodzi. Amagubuduza bomba m'misewu ya ku Rome, amamwaza gulu lonse, ndipo filimu imathera pakati pa nkhani, Dom ndi mwana wake ali m'munsi mwa damu ku Portugal, mabomba atatcheredwa. Filimuyi ndi yodzaza mopyola muyeso, anthu ochuluka kuposa nthawi yowapatsa, koma ili ndi mdani amene chifukwa chake chinabadwira m'nkhani momwemo.

China chimene chasunga mafilimuwa ndi nkhope zake. Kuyambira kale patebulo la Toretto pamakhala akuda, azungu, a ku Latin America ndi a ku Asia, popanda wolalikira za zimenezo. Letty wa Michelle Rodriguez amagwira chiwongolero ndi sipanala, ndipo ndewu zake amamenya yekha. Kuseri kwa kamera n'chimodzimodzi: Singleton ndi F. Gary Gray, amene anatsogolera The Fate of the Furious, ndi akuda a ku America, Lin anabadwira ku Taiwan, Wan ku Malaysia. N'zosadabwitsa kuti onse pamodzi apeza madola oposa 7 biliyoni, zambiri kunja kwa America. Ndipo pali kalamulo kamene kanayamba mu 2001 n'kukhalabe: amene wayamba kugwira chakudya ndiye apemphere. Mafilimu a phokoso chonchi, ophwanya magalimoto osawerengeka, angapo mwa iwo amathera ndi anthu ataweramitsa mitu kuthokoza Mulungu. Amachita zimenezi moona mtima, ndipo n'chifukwa chake ndimawakhulupirira ngakhale pamene galimoto zikuuluka.

Nditawayesa onse, anayi ndi amene ndingaimire paliponse: ya 2001, Tokyo Drift, Fast Five ndi Furious 7. Ya nambala 6 ndi Fast X akuwatsatira pafupi. Otsalawo ali ndi zilema zawo, koma palibe imene ndinanong'oneza nayo bondo, chifukwa iliyonse inawonjezera munthu kapena ngongole imene inadzagwira ntchito kutsogolo. Kwa amene adzamalize nkhaniyi ndili ndi pempho limodzi. Ndalama zophulitsira mizinda ali nazo, ndipo taona kale kuti amatha. Chimene chikufunika tsopano ndi kulimba mtima kolola kuti wina ataye chinthu chimene sichidzabwereranso, n'kusiya kuti chikhale chotayika. Pamene mafilimuwa anachita zimenezo ndi pomwe anakhala abwino kuposa mmene aliyense ankayembekezera, ndipo anthu amene tayenda nawo mtunda wonsewu ayenera mathero otere.